Kafukufuku wa ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu ku Wenya ndi m'boma la Chitipa

Kafukufuku wa ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu ndi ntchito yofufuza nkhani imodzi mozama, imene munthu amachita payunivesite atamaliza digiri yoyamba. Digiri yachiwiri imatchedwanso masitazi, ndipo yachitatu ndi PhD, imene imapatsa munthu dzina loti dokotala ngakhale asakhale wa kuchipatala. Pa digiri yoyamba wophunzira amaphunzira makamaka zimene ena anapeza kale. Pa madigiri awiriwa amayenera kufunsa funso lakelake, kusonkhanitsa umboni, ndi kulemba buku limene akatswiri ena amaliwunika asanamupatse digiriyo.

Ku Malawi, umboni wambiri wa kafukufuku wotere umachokera kumidzi, pamene mayunivesite ali ku Zomba, Blantyre, Lilongwe, Thyolo ndi Mzuzu. Dera la Wenya, m'boma la Chitipa, ndi limodzi mwa madera akutali ndi masukulu amenewa. Ku Wenya kulibe yunivesite, koma wophunzira amene wasankha kukafufuza kumeneko amakumana ndi zonse zimene zimapanga chikhalidwe cha kafukufuku m'dziko muno: kupempha chilolezo, kulemekeza mafumu, vuto la zilankhulo, kusowa kwa ndalama, ndi funso loti zotsatira zake zidzathandiza ndani.

Wenya ndi boma la Chitipa

Chitipa ndi boma la kumpoto kwenikweni kwa Malawi, ndipo limachita malire ndi Tanzania komanso Zambia. M'nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali munali anthu 234,927. Mafumu akuluakulu a m'bomali ndi Mwaulambya, Mwenemisuku, Kameme, Mwenewenya ndi Nthalire. Wenya ili m'dera la Mfumu Mwenewenya, kummwera kwa tauni ya Chitipa, pa msewu wolowera ku Nthalire ndi ku mapiri a Nyika. Anthu ambiri kumeneko ndi alimi, ndipo chilankhulo chofala ndi Chitumbuka.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Chitipa ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 700, kudzera ku Mzuzu ndi ku Karonga. Wochokera ku Zomba amayenda pafupifupi makilomita 1,000. Msewu wa Karonga–Chitipa ndi wa tala, koma misewu yambiri yolowa m'midzi ndi yafumbi, ndipo imavuta nthawi ya dzinja. Yunivesite ya boma yoyandikira derali ndi ya Mzuzu.

Komwe ophunzirawa amachokera

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965. Kwa zaka zambiri ntchito yake yaikulu inali yopereka madipuloma ndi madigiri oyamba, choncho Amalawi ambiri amene ankafuna masitazi kapena PhD ankapita ku Britain, America, Canada ndi maiko ena. Ambiri mwa iwo ankabwerera kumudzi kudzasonkhanitsa umboni, kenako n'kukalembera buku lawo kunja.

Zinthu zinayamba kusintha mayunivesite atachuluka. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Yunivesite ya Mzuzu inakhazikitsidwa mu 1997 ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 1999. Koleji ya zaulimi ya Bunda inachoka mu Yunivesite ya Malawi n'kukhala maziko a LUANAR mu 2012, ndipo MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, ndi KUHeS yoona zaumoyo. Palinso mayunivesite a mipingo, monga Yunivesite ya Livingstonia imene inayamba mu 2003. Bungwe la National Council for Higher Education, lomwe lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2011, ndi limene limalembetsa masukuluwa ndi kuvomereza maphunziro awo.

Ophunzira ambiri a masitazi ku Malawi ndi anthu apantchito kale, monga aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Amaphunzira kumapeto kwa sabata kapena m'masabata ochepa oikika, ndipo kafukufuku amamuchita pa nthawi ya tchuthi. Zimenezi zimachititsa kuti ambiri asankhe malo apafupi ndi kumene akugwira ntchito. Madera akutali ngati Wenya kawirikawiri amafikidwa ndi wophunzira wochokera komweko, wogwira ntchito m'bomalo, kapena amene wapeza thandizo la ndalama.

Kafukufuku amene wachitika m'derali

Ngakhale Chitipa ili kutali, ofufuza akhala akulikonda bomali chifukwa cha zilankhulo zake, mbiri ya maufumu ake ndi zachilengedwe.

Pa za chikhalidwe, Monica Wilson wa ku South Africa anasindikiza mu 1958 kabuku kotchedwa The Peoples of the Nyasa-Tanganyika Corridor, kofotokoza mitundu ya anthu okhala pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Tanganyika. Pa za mbiri, Owen Kalinga, Mmalawi amene anachita PhD ku Yunivesite ya London, anafunsa akuluakulu a kumpoto za mbiri ya makolo awo. Mu 1978 anasindikiza nkhani ya chiyambi ndi kukula kwa ufumu wa Alambya, ndipo mu 1985 anatulutsa buku la mbiri ya ufumu wa Angonde. Ntchito yake inaonetsa kuti mbiri yosungidwa pakamwa ikhoza kukhala umboni wodalirika ngati wofufuza ayerekeza zonena za mabanja osiyanasiyana ndi zolembedwa zakale.

Pa za zilankhulo, m'boma la Chitipa mumalankhulidwa zilankhulo zoposa khumi, monga Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga, Chibemba ndi Chitumbuka. Mu 2006 nthambi ya Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inachita kalembera wa zilankhulo za m'chigawo cha kumpoto. Robert Botne wa ku America anasindikiza mabuku a Chindali cha ku Malawi mu 2008. Mu 2016 Atikonda Mtenje anamaliza PhD ku Yunivesite ya Cape Town poyerekeza Chisukwa, Chindali ndi Chilambya, zimene pamodzi anazitcha SuNdaLa. Anayerekeza kamvekedwe ka mawu ndi kapangidwe ka ziganizo, ndipo anaonetsa kuti zitatuzi n'zapachibale kwambiri ngakhale eni ake amazitchula ndi maina osiyana.

Boma loyandikana nalo la Karonga lili ndi zitsanzo zina. Ku Chilumba, kafukufuku wa matenda a khate anayamba mu 1979, kenako anakula n'kukhudza chifuwa chachikulu ndi HIV. Lero ntchitoyi ili pansi pa bungwe la MEIRU, ndipo ophunzira ambiri alembapo mabuku awo a masitazi ndi PhD. Mu 1991 gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha nsagwada ya munthu wakale kwambiri, wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Elizabeth Gomani, Mmalawi amene anachita PhD ku Southern Methodist University ku America, anafufuza mafupa a zinyama zakale za m'bomalo, ndipo mu 2005 anafotokoza mtundu watsopano wotchedwa Karongasaurus.

Njira imene wophunzira amatsata

Ntchito imayamba ndi chikalata cha pempho, chimene ophunzira amangochitchula kuti propozo. M'menemo wophunzira amafotokoza vuto limene akufuna kufufuza, zimene ena analemba kale pa vutolo, anthu amene adzawafunse, m'mene adzawasankhire, nthawi ndi ndalama zofunika. Amapatsidwa mphunzitsi womuyang'anira, nthawi zina awiri. Pempholo amalifotokoza pamaso pa aphunzitsi ndi ophunzira anzake, amene amamufunsa mafunso ndi kumuuza zoti akonze. Si zachilendo kuti pempho libwezedwe kawiri kapena katatu.

Pempho likavomerezedwa kusukulu, limapita ku komiti yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu. Lamulo la sayansi ndi luso la 2003 linakhazikitsa bungwe la National Commission for Science and Technology, limene limayang'anira kafukufuku yense m'dziko muno. Pansi pake pali komiti ya NHSRC yoona kafukufuku wa zaumoyo ndi ya NCRSH yoona za chikhalidwe ndi kakhalidwe ka anthu. Mayunivesite alinso ndi makomiti awo, monga komiti ya KUHeS ku Blantyre, UNIMAREC ku Zomba ndi MZUNIREC ku Mzuzu. Wophunzira saloledwa kufunsa munthu ngakhale mmodzi asanalandire kalata ya komiti. Wofuna kutumiza kunja magazi kapena zinthu zina zoti zikayezedwe amafunika chilolezo chapadera.

Kalata ya komiti siikwanira kuti munthu alowe m'mudzi. Wopita ku Wenya amayamba wakaonekera kwa bwanamkubwa wa boma la Chitipa, ndi kwa mkulu woona nthambi imene ikukhudzidwa, kaya ndi ya zaumoyo, maphunziro kapena ulimi. Akachoka kumeneko amakapereka moni kwa Mfumu Mwenewenya, kenako kwa magulupu ndi nyakwawa za midzi imene wasankha. Makomiti a chitukuko a m'dera ndi a m'mudzi nawonso amadziwitsidwa. Alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, aphunzitsi aakulu ndi atsogoleri a mipingo ndi amene amamulondolera njira, chifukwa anthu amawadziwa. Ofufuza akale amakonda kukumbutsa achinyamata kuti safunsa anadya phula.

Kudumpha mafumu kungaike moyo pachiswe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu angapo anaphedwa, ndipo mabungwe ena anaimitsa ntchito zawo kumeneko. Kuyambira kale, mlendo wonyamula zida zachilendo kapena wotenga magazi amakayikiridwa ngati anthu sanauzidwe bwino cholinga chake. N'chifukwa chake msonkhano wa pabwalo la mfumu umatengedwa kuti ndi gawo la kafukufuku weniweniyo, osati mwambo chabe.

Chilolezo cha mfumu, komabe, sichilowa m'malo mwa chilolezo cha munthu payekha. Aliyense wofunsidwa amayenera kuuzidwa cholinga cha kafukufuku, kuti dzina lake lidzabisidwa, ndi kuti ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira popanda chilango. Akavomera amasaina, ndipo wosatha kulemba amadinda chala pamaso pa mboni. Kwa ana, kholo limavomereza ndipo mwanayo amafunsidwanso maganizo ake.

Zilankhulo pa nthawi ya kafukufuku

Mapempho ndi mabuku a kafukufuku amalembedwa m'Chingerezi, koma mafunso amafunsidwa m'chilankhulo cha anthu. Makomiti amafuna kuti makalata opempha chilolezo ndi mafunso amasuliridwe. Ophunzira ambiri amamasulira m'Chichewa, popeza ndicho chimaphunzitsidwa m'sukulu zonse kuyambira mu 1968, pamene chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko. Ku Wenya pamafunika Chitumbuka, ndipo wofufuza akasunthira ku Misuku kapena kwa Kameme amapeza zilankhulo zinanso.

Njira imodzi yoonera ngati kumasulira kwayenda bwino ndi kupatsa munthu wachiwiri, amene sanaone Chingerezi choyambacho, kuti abwezere mafunsowo m'Chingerezi. Pamene mapepala awiriwo asiyana ndi pamene pali vuto. Mawu ooneka ophweka ndi amene amasokoneza kwambiri. Funso lonena za "banja" likhoza kutanthauza anthu odyera mphika umodzi, kapena abale onse a mbumba imodzi. Kumpoto mkazi amakakhala kwa mwamuna ndipo pamaperekedwa malowolo, pamene m'madera ambiri a pakati ndi kummwera mwamuna ndiye amapita kuchikamwini. Mafunso a za malo ndi chuma cha masiye olembedwa ndi maganizo a ku Zomba akhoza kupereka mayankho olakwika ku Chitipa.

Pachifukwa ichi ofufuza amalemba ntchito achinyamata a m'deralo, ambiri mwa iwo omaliza Fomu 4, kuti azimasulira ndi kufunsa mafunso. Amawaphunzitsa kwa masiku angapo ndi kuyesa mafunsowo m'mudzi wina asanayambe. Ubwino wake ndi woti anthu amamasuka ndi mwana wa kwawo. Kuipa kwake ndi koti munthu sangaulule za matenda ake kapena za m'nyumba mwake kwa mwana wa mnansi wake, choncho ofufuza osamala amatumiza wothandizira ku mudzi umene si wake.

Ndalama ndi nthawi

Ophunzira ambiri amadzilipirira okha sukulu ndi kafukufuku yemwe. Ena amapeza thandizo kuchokera ku Commonwealth, Beit Trust, Chevening ndi Fulbright kuti akaphunzire kunja, kapena ku mabungwe a mayunivesite a mu Africa monga RUFORUM pa zaulimi ndi CARTA pa zaumoyo wa anthu. Kuyambira mu 2016 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse inathandiza malo awiri ophunzitsira masitazi ndi PhD: AquaFish ku LUANAR, yoona za nsomba, ndi ACEPHEM ku College of Medicine, yoona zaumoyo wa anthu ndi mankhwala azitsamba. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene linayamba mu 1995 ku Blantyre, laphunzitsanso ofufuza ambiri a zaumoyo.

Popeza ndalama zambiri zimachokera kunja, mitu ya kafukufuku imatsatira zofuna za opereka ndalamazo. Malungo, HIV, uchembere ndi kusintha kwa nyengo zimapeza thandizo mosavuta kusiyana ndi zilankhulo, mbiri kapena nyimbo za makolo. Maiko a mu African Union anagwirizana kuti azigwiritsa ntchito 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, amatchula kafukufuku ngati chida cha chitukuko.

Nkhani ya ndalama imakhudzanso ofunsidwa. Mu 2017 komiti ya NHSRC inalamula kuti olowa nawo m'kafukufuku wa zaumoyo azipatsidwa ndalama zofanana ndi madola 10 a ku America pa ulendo uliwonse. Ena anati n'chilungamo kubwezera munthu tsiku limene wasiya munda wake. Ena anati ndalamazo zikhoza kukopa osauka kuvomera zimene sakuzifuna, komanso kuti wophunzira wodzilipirira yekha sangazikwanitse.

Nyengo nayonso imalamula. Mvula imagwa kuyambira chakumapeto kwa chaka mpaka cha mu Epulo, ndipo nthawi imeneyo anthu amakhala kumunda kuyambira m'mamawa. Ofufuza ambiri amasankha miyezi ya pambuyo pa kukolola, pamene misewu yauma. Koma wofufuza za njala kapena malungo akabwera m'chilimwe chokha amaona theka la nkhani. Tsiku la maliro, la msika kapena la mapemphero ntchito imaima, ndipo wofufuza amayembekezeredwa kukakhala nawo pa maliro ngati wina aliyense.

Kulemba, mayeso ndi kusindikiza

Akabwerera kusukulu, wophunzira amalemba zonse zimene anajambula, amazimasulira ndi kuzisanthula pa kompyuta. Woyang'anira amawerenga mutu uliwonse n'kuubweza kuti ukonzedwe. Aphunzitsi a PhD ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira, choncho mphunzitsi mmodzi amayang'anira anthu ambiri uku akuphunzitsanso makalasi a digiri yoyamba. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene masitazi a zaka ziwiri amatengera zaka zitatu kapena zinayi. Ophunzira amathandizana m'magulu a pa WhatsApp, kubwerekana mabuku ndi kuwerengerana zolemba.

Mabuku ndi magazini a kafukufuku ambiri tsopano amawerengedwa pa intaneti, ndipo malaibulale a mayunivesite amalipira pamodzi kudzera m'bungwe la MALICO. Wofufuza mbiri amapitanso ku National Archives ku Zomba, kumene kumasungidwa makalata a boma a m'nthawi ya atsamunda. Chigawo cha kumpoto chinataya chuma chachikulu mu Disembala 2015, pamene laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu inapsa ndi moto pamodzi ndi mabuku ake.

Buku likatha limawerengedwa ndi woyesa wa pasukulupo ndi wina wochokera ku yunivesite ina. Kenako wophunzira amaima pamaso pa oyesa n'kuyankha mafunso pakamwa. Milandu ikuluikulu pa ntchitoyi ndi kukopera zolemba za wina popanda kumutchula, kupeka mayankho a anthu amene sanafunsidwe, ndi kulipira munthu wina kuti alembe bukulo. Mayunivesite amagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Turnitin pofuna kugwira okopera. Wophunzira wa PhD amalimbikitsidwanso kusindikiza zotsatira zake m'magazini owunikidwa ndi akatswiri, monga Malawi Medical Journal, Journal of Humanities ndi Society of Malawi Journal. Amachenjezedwa za magazini achinyengo a pa intaneti amene amangolandira ndalama n'kusindikiza chilichonse.

Ufulu wofunsa mafunso

Kafukufuku amafuna ufulu wofunsa ndi wolemba zimene zapezeka. M'nthawi ya chipani chimodzi ufuluwu unali wochepa. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College amene anachita PhD ya zilankhulo ku London, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mu February 2011 mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi wa zandale Blessings Chinsinga chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo aphunzitsi a ku Chancellor College ananyanyala ntchito kwa miyezi yambiri pofuna chitsimikizo cha ufulu wa maphunziro. Kwa wophunzira wa kumudzi ufuluwu umayesedwa pa nkhani zing'onozing'ono: kulemba zoona za mkangano wa malo, za ufumu kapena za kusowa kwa mankhwala, popanda kuika pangozi amene anamuuza.

Kubweza zotsatira kwa eni ake

Pempho lililonse limakhala ndi ndime yofotokoza m'mene zotsatira zidzafalitsidwire. Kawirikawiri ndalama zimatha ntchito isanafike pamenepo. Buku limaikidwa mu laibulale ku Zomba, ku Mzuzu kapena kunja, lili m'Chingerezi, ndipo mayi wa ku Wenya amene anapereka maola awiri kuyankha mafunso samva chimene chinatuluka. Anthu akafunsidwa kangapo popanda kuona kusintha amatopa, ndipo wofufuza wotsatira amalandira mayankho ongomuchotsa pakhomo. Ena amayesa kuti kulembedwa dzina ndi kulowa m'kaundula wa thandizo, ndipo amayankha zoti aoneke osowa kwambiri. Choncho wophunzira amene sabwerera amaonongera anzake a m'tsogolo.

Njira zobwezera zotsatira zilipo ndipo si zodula zonse. Wophunzira akhoza kusiya buku lake ku ofesi ya bwanamkubwa, kufotokoza zimene wapeza pa msonkhano wa akuluakulu a nthambi za boma, kulemba tsamba limodzi m'Chitumbuka loti liwerengedwe kwa mfumu, kutchalitchi kapena kusukulu, kapena kulankhula pa wailesi za m'deralo monga Tuntufye FM ya Dayosizi ya Karonga. Chitsanzo chachikulu m'chigawochi ndi nyumba ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Kumeneko ana asukulu a ku Karonga ndi ku Chitipa amatha kuona chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus ndi kumva mbiri ya zinthu zimene ofufuza anafukula m'nthaka ya kwawo.